Chibaluni cha a Madigiri

Lolemba m'mawa, pa bolodi la zidziwitso la ofesi ya zanyengo panakhomedwa chikalata cha zidindo ziwiri, chodziwitsa ogwira ntchito onse asanu ndi mmodzi kuti ofesi yalandira chibaluni. Chikalatacho chinati chibalunicho chidzaulutsidwa Lachisanu, eyiti koloko m'mawa, ndi dzanja la mlendo wolemekezeka wochokera kulikulu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ofesi izidzaulutsa chibaluni tsiku ndi tsiku, kuyeza mlengalenga mpaka kumene ukathera. Ogwira ntchito anapemphedwa kudzavala mwaulemu. Udzu wa pabwalo unalamulidwa kutchetchedwa.

Amene anawerenga chikalatachi katatu, n'kuvula magalasi, kuwapukuta, n'kuwerenganso kachinayi, anali a Madigiri.

Dzinali anawapatsa ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Kwa zaka makumi atatu bambowa ankapalasa njinga m'mamawa kupita kuofesi, kutsegula kanyumba koyera ka matabwa koima ndi miyendo inayi pakati pa bwalo, kuwerenga kutentha kwa mpweya, kuyeza mvula ya m'kachitini, kuona kumene mphepo ikuchokera, n'kulemba zonse m'buku. Munthu akawapatsa moni kuti, "Kwatentha lero, bambo," iwo sankangovomera ngati anthu ena. Ankati, "Madigiri 31. Dzulo nthawi ngati ino anali 33." Ukwati wa mwana wawo wamkazi amaukumbukira kuti unali wa madigiri 28, mphepo ikuchokera kum'mwera. Kumapeto kwa mwezi umene chikalatacho chinatuluka ankapuma pantchito, ndipo panali chinthu chimodzi chimene ankafuna kuchiona ndi maso awo asanabweze makiyi.

Pakhoma la ofesi yawo panali tchati chakale, chofwifwa, chodyedwa ndi chiswe pakona. Tchaticho chinkasonyeza kuti mpweya wokuta dziko lapansi ndi wosanjikizana ngati mabulangeti pabedi. Bulangeti la pansi ndilo la mitambo, mvula, mbalame ndi mabwana. Mmenemo ukamakwera kumanka kuzizirazizira, chifukwa dzuwa limayamba lawotcha nthaka, nthakayo n'kumafunditsa mpweya wogundana nayo. Koma ukafika makilomita 16 kapena 17 kuzizira kumaima, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, poti kumtundako kuli mpweya wa ozoni umene umamwa mphamvu ya dzuwa n'kufunda wokha. Pamenepo mzere wa pa tchati unkapindika, ndipo a Madigiri ankapatchula kuti pachigongono. Chigongonocho anachifotokozera ana a sukulu osawerengeka obwera kudzaona ofesi, akuchiloza ndi rula. Koma choyezera kutentha chawo chinkathera m'chifuwa mwa munthu woimirira. Zakumwambazo anangozimva kwa tchati.

Ndipo panali munthu mmodzi amene sankalola kuti aiwale zimenezi: alamu awo, mchimwene wa akazi awo, mmisiri wokhoma malata.

"Alamu, tisamanamizane," mmisiriyo ankatero Lamlungu lililonse atakhala pakhonde. "Kumwamba ndimapitako ndine. Inu mumathera pakanyumba ka nkhunda kaja. Ndikakwera padenga masana, nsapato zimamata, thukuta mpaka m'matumba. Ndikatsika, kayeziyezi. Ndiye mukuti kumwamba kumazizira?"

"Chimakuwotchani ndi lata, alamu."

"Nanga latalo lili kuti? Si kumwamba?"

Tsiku lina a Madigiri anatenga lalanje, n'kulibaya ndi pensulo, kulipendeketsa, n'kumalizunguliza nyali, kuti alamu aone mmene nyengo yotentha ndi yozizira zimasinthirana: mbali imene yaweramira dzuwa imapsa, inayo imanjenjemera. Mmisiriyo anamvetsera mpaka pamapeto, anapempha kuti aligwireko dzikolo, analisenda, n'kulidya.

"Dziko lanuli n'lotsekemera," anatero. "Koma kumwamba kumatentha."

"Inu awiri, tiyi akuzizira," anatero mayi a m'nyumbamo, "ndipo sindikufuna kumva kuti ali pa madigiri angati."

Choncho chikalata chija chitatuluka, a Madigiri sanadikire Lamlungu. Anapalasa njinga mpaka pamene alamu awo ankakhoma denga, n'kukuwa ali pansi kuti Lachisanu abwere atasamba, adzaone okha. Mmisiriyo anayankha ali pamwamba, misomali ili kukamwa, kuti abwera ndithu, chifukwa bodza la zaka makumi atatu siliyenera kufa popanda mboni.

Sabata yonseyo a Madigiri ankayenda ngati mnyamata. Anawerenga kabuku ka malangizo mpaka kukaloweza pamtima. Pansi pa chibaluni pamamangiriridwa kachipangizo kopepuka, kukula ngati paketi ya shuga, kamene kamayeza kutentha kakukwera n'kumatumiza manambala ku kompyuta ya mu ofesi. Kachipangizo kamene likulu linatumiza kanali kamtundu wakale. Batire lake linkadzuka ukalinyika m'madzi, ndipo likadzuka silinkagonanso: maola atatu, basi lafa. Chibaluni chinkafunika ola lathunthu kuti chikafike pachigongono.

Lachisanu kunacha bwino, kopanda ndi kamtambo komwe. A Madigiri anavala jekete la ukwati wa mwana wawo uja. Anapopa chibaluni ndi mpweya wa m'botolo lachitsulo lalitali, mpaka chinafufuma kuposa msinkhu wawo, choyera, chikugwedezeka ngati chili ndi moyo. Kenako analakwitsa chinthu chimodzi, chimene munthu wina aliyense wa zaka makumi atatu m'boma sakanalakwitsa: anakhulupirira pulogalamu. Iwo anali munthu woti buku likati koloko yakuti, amatsegula kanyumba koloko yomweyo, kaya kugwe matalala. Hafu pasiti seveni ananyika batire m'madzi. Kanyali kobiriwira kanayaka.

Eyiti koloko inakwana. Mipando inali itayalidwa, udzu utatchetchedwa, mayi atakhala kutsogolo ndi diresi lawo la maluwa, alamu atasambadi. Mlendo wolemekezeka kunalibe.

A Madigiri anaima pakati pa bwalo atagwira chibaluni pakhosi, n'kumawerengera mumtima. Batire lifa hafu pasiti teni. Ndiye kuti pofika hafu pasiti naini chibaluni chikhale chitanyamuka, apo ayi chikafika kumwambako chili duu, chopanda mawu.

"Bwana," a Madigiri anaitana mkulu wa ofesi motsitsa mawu, "batire likutha."

"Lidikire," anatero bwanayo akukonza tayi. "Tonse tikudikira. Ndipo mumve bwino, a Madigiri: chibalunichi chichoke m'dzanja lanu kupita m'dzanja la alendo. Osati kwina."

Galimoto ya mlendo inalowa naini koloko, ndipo onse anagwirizana kuti wafika msanga. Panali kulandirana. Panali kudziwitsana mayina ndi maudindo, kuyambira kumtunda kutsika m'munsi, mosanjikizana ngati mpweya wa pa tchati chija. Bwana analankhula mawu ochepa kwa mphindi khumi ndi zisanu. Dzuwa linakwera, nthaka inayamba ntchito yake, jekete linanyowa kumsana. Chibaluni nacho chinayamba kukoka dzanja ngati mbuzi yoona msipu.

"Alamu," mmisiri uja ananong'ona atasendera pafupi, "mkono ukunjenjemeratu. Kapena mwayamba kale kuzizidwa?"

A Madigiri maso awo anali pa wotchi.

Mlendo wolemekezeka anaimirira ndi mapepala asanu ndi anayi. Anathokoza onse amene anathokozedwa kale. Anadziwitsa msonkhano kuti mpweya umene timapumawu mbali yake yaikulu ndi nayitrojeni, yotsatira ndi okosijeni, ndipo likulu lichita chilichonse chotheka kuti zinthu zipitirire kukhala choncho. Anthu anawomba m'manja. Mmene ankatembenuza pepala lachiwiri, wotchi inati hafu pasiti naini.

Zaka makumi atatu a Madigiri anali asanaphwanyepo lamulo, ngakhale la pamalo oimika njinga. Anayang'ana bwana. Anayang'ana mapepala asanu ndi awiri otsalawo. Anayang'ana akazi awo, ndipo mayiwo, amene sanafunepo kumva za madigiri a chinthu chilichonse, anakweza chibwano pang'ono kuloza kumwamba.

A Madigiri anatambasula zala.

Chibaluni chinanyamuka ngati chakhala chikudikira zaka zomwezo. Chingwe chinawongoka, kachipangizo kanatsatira kakuzungulira, mitu yonse inapenya kumwamba. "Icho! Icho!" anakuwa mlonda wa pageti, chipewa chili m'manja. Mlendo wolemekezeka, poona kuti anthu akuwomba m'manja pakati pa chiganizo, anakweza dzanja kuti awathokoze, ndipo wojambula zithunzi anajambula pomwepo: dzanja m'mwamba, chibaluni pamwamba pake.

Zimenezo a Madigiri sanazione. Anali akuthamanga. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi analumpha kangalande ka pakhomo, jekete likuuluka, alamu pambuyo, mayi pambuyo pa alamu atanyamula nsapato m'manja.

Pa kompyuta manambala anali atayamba kale kutsika.

"Kilomita imodzi, madigiri 22! Mukuona, alamu? Pabwalo paja anali 28!"

"N'kamphepo chabe ako," anatero mmisiriyo, koma anakoka mpando.

Makilomita atatu, madigiri 10. Makilomita asanu, ziro. Mayi anafunsa ngati ndiye kuti madzi angaume kumeneko, ndipo amuna awo anavomera mokuwa ngati mayiwo ali kutsidya la msewu. Kunja mlendo anapitiriza pepala lachitatu, mawu ake akulowera pawindo. Makilomita khumi, madigiri 35 pansi pa ziro. Mmisiri uja anasiya nthabwala. Anasendeza mpando mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi la kompyuta.

"Chipangizo chanuchi sichinawonongeke?"

"Chili bwinobwino!"

"Ndiye ndege zimadutsa m'firiji momwemu? Anthu ali m'kati, atavala malaya okha?"

Kota pasiti teni, makilomita 13, madigiri 58 pansi pa ziro. Apa a Madigiri anayamba kuona kanthu kena pakona ya galasi: mphamvu ya batire inali itatsika kufika kamzere kamodzi. Mkangano wa pakhonde anali atapambana kale, koma za alamu anali ataziiwala. Ankafuna chigongono. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, n'kumalankhula ndi kachipangizo kali kutali kumwamba ngati akulankhula ndi mwana amene akuphunzira kuyenda.

"Limba, iwe. Pang'ono pokha. Kwera, kwera."

Madigiri 70 pansi pa ziro. 74. 77. Manambala anayamba kubwera modukizaduka, kompyuta n'kumakhala chete kwa kanthawi kotalika ngati chaka. Wotchi inati kwatsala mphindi zinayi. 78. Kenako 78. Kenakonso 78.

"Chafa," anatero alamu.

"Sichinafe! Taonani makilomita, akukwerabe!"

77. M'chipindamo munalibe wopuma. 76. 75.

Mpando wa a Madigiri unagwera chagada. "Chigongono! Mayi, chigongono icho! Chilipodi!" Anathamangira kukhoma, kumenya tchati ndi chikhatho mpaka fumbi la chiswe linagwa, kubwerera ku kompyuta, kugwira akazi awo m'mapewa n'kuwazungulitsa kamodzi, chinthu chimene sanachite ngakhale pa ukwati wa madigiri 28. Magalasi anachita nkhungu. Anawavula, koma sanapeze powapukutira pouma.

Mmisiri uja anayang'anitsitsa manambalawo, kenako nkhope yake inawala.

"Ndimanena ine! Kwayamba kutentha! Alamu, si izi? Kumwamba kumatentha!"

"Alamu, ndi madigiri 75 pansi pa ziro."

"Koma kukutentha kapena kukuzizira? Yankhani bwino, mlongo wanga akumva."

"Kukufundirako," anavomera a Madigiri akuseka, misozi ili m'masaya.

"Basi. Tonse takhoza. Kungoti ine ndinayambira kumapeto."

Batire linafa mphindi zitatu pambuyo pa nthawi yake, chibaluni chili pa makilomita 19. A Madigiri anatsegula buku lawo, n'kulemba ndi inki, pa mzere wa Lachisanu, nambala imene inali isanalowepo m'buku limenelo. Kenako anatenga pensulo n'kulemba tsikulo pa tchati, pambali pa chigongono.

Bwana analowa masana nkhope itakwinyika, koma mkwiyo unasowa pogwira. Mlendo wolemekezeka anali atachiona chithunzi chija ndipo anachikonda kwambiri, moti anapempha zithunzi zitatu. Bwana anangoti nkhaniyi aikambirana pa nthawi yoyenera, nthawi imene sinapezeke mpaka a Madigiri anabweza makiyi. Masiku ano amakhala pakhonde ndi choyezera kutentha chawochawo chopachikidwa pamsomali. Alamu awo amauza aliyense wofuna denga kuti aikemo siling'i, chifukwa chimawotcha ndi lata, osati kumwamba, ndipo amati zimenezi anazitulukira okha.

Lolemba lotsatira pa bolodi panakhomedwa chikalata china, cha zidindo zitatu. Chinathokoza mlendo wolemekezeka poulutsa chibaluni choyamba ndi dzanja lake, ndipo chinatsimikiza kuti ntchito youlutsa chibaluni tsiku ndi tsiku yayamba mwamphamvu ndipo sidzaimanso.

Botolo la mpweya lija linali lobwereka. Eni ake anadzalitenga Lachiwiri, ndipo pamalo pake pamaimikidwa matsache.