Imani Kaye Adokotala, Ndibwereze

Achemwali anga amaluka tsitsi m'kasaluni kawo pafupi ndi depoti ya basi, ndipo ali ndi khalidwe lina limene ine limanditopetsa. Kasitomala akanena malukidwe amene akufuna, iwo sathamangira chipeso. Amayamba abwereza zonse: "Mwati mizere yopita kumbuyo, yaing'onoing'ono, kutsogoloku ndisakoke?" Amati kumasula tsitsi loluka kale kumawawa onse awiri.

Koma kuchipatala ankasanduka mwana wasukulu. Zala zitayamba kuchita dzanzi, diso limodzi n'kumaona mwachimbuuzi, adokotala anati ndi nthenda ya dzina lalitali, imene chitetezo cha m'thupi chimaukira minyewa ya mwini wake. Anawalembera jakisoni wodzibaya okha mlungu uliwonse. Achemwali anangoti "chabwino adokotala" mpaka kutuluka, chikwama chili pamiyendo.

Jakisoniyo ankawapatsa litsipa ndi kuphwanya m'thupi. Diso litayera, anangomusiya osauza munthu.

"Mankhwala anji odwalitsa munthu woti wachira?" anandiyankha choncho nditapeza majakisoni ataunjikana mufiriji, kuseri kwa mkaka.

Ndinawakalipira.

Patapita miyezi nthenda ija inabweranso. Chipeso chinkawapulumuka m'manja, ndipo zala ziwiri zakumanzere zinaleka kumva tsitsi. Ndinawaona akupukuta misozi atayang'ana kukhoma kuti kasitomala asawaone pagalasi. Zinandiwawa kwabasi.

Ulendo wotsatira ndinawaperekeza. Adokotala atamaliza kufotokoza n'kuyamba kutseka faelo, achemwali anakweza dzanja.

"Pepani adokotala, imani kaye ndibwereze. Mwati jakisoniyu ndi wochiza dzanzili?"

"Ayi mayi. Ntchito yake n'kuletsa nthendayi kuti isamabwerebwere."

"Ndiye ndikamamva bwino si kuti ndachira?"

"Ayi. Mwina ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Pajatu ndinakuuzani."

"Munanenadi, koma ine sindinamve. Ndinkangogwedeza mutu chifukwa cha ulemu. Tiyambirenso."

Anafunsa za mapiritsi olowa m'malo mwa jakisoni, za kuyezetsa magazi, za chimene chingachitike atafuna mwana wina. Yankho lililonse ankalibwereza m'mawu awoawo mpaka adokotala avomere. Panja anthu a pamzere anali atayamba kung'ung'udza, ine manyazi atandigwira. Koma adokotala anakokera mpando pafupi n'kuyamba kujambula papepala mmene nthendayo imadyera minyewa.

Pomaliza achemwali anasankha okha kubwerera ku jakisoni, koma anati azibaya madzulo oti mawa lake satsegula saluni, kuti litsipa liziwapeza ali kunyumba. Sindinawanyadirepo ngati tsiku limenelo.

Ataimirira anatambasula dzanja lamanzere.

"Nanga ziwirizi zidzadzuka?"

"Sindingakulonjezeni, mayi."

Achemwali anaziyang'ana, akuzisisita ndi chala chachikulu. Kenako anakoleka chikwama paphewa.

"Chabwino. Tisamale zisanu ndi zitatu zatsalazi. Loweruka ndili ndi mkwatibwi."