Zimene ndinamuuza Zuze pa Nyuwere

Linali tsiku la Nyuwere, cha m'ma 2 koloko masana, titakhala pansi pa mtengo wa mango kuthawa kutentha. Ana anga onse anabwera, ndi Zuze yemwe, mwana wanga wachisamba, amene analephera kubwera kumaliro a bambo ake chifukwa anali ku Joni. Alongo ake ankaseka, akulimbirana chiwindi cha bakha. Iye anangogwira mbale osadya.

Kenaka anandifunsa motsitsa mawu, "Amayi, ababa ananditchulako asanatisiye?"

Ndinati, "Anakutchula, mwanawe. Anati Zuze asadandaule."

Linali bodza. Mawu omaliza a amuna anga anali akuti, "Bwato lija mwalimanga? Madzi akukwera mu Shire." Atatero anagona osadzukanso.

Zuze analira ngati khanda, kenaka anadya mpunga mbale ziwiri. Ine, mayi woimba kwaya kutchalitchi, ndinawonjezeranso kuti anamutchula kawiri. Mtsikana wanga wamng'ono, amene analipo pamene bambo ake ankatsirizika, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiikira nyama ina m'mbale.

Mpaka lero sindinamuuze zoona Zuze. Akaimba foni n'kuyamba za bambo ake, ndimakhala pansi n'kumamvetsera mpaka amalize.