Thanki Imene Inkafuna Kundilanda Mwamuna

Amuna anga atabwerako ku Joni, kumene ankagwira ntchito m'mafamu, anamanga thanki yasimenti kumtunda kwa munda wathu, chakuphiri kwa Nsipe. Madzi ankachokera pakasupe, kudzera m'paipi yaing'ono ngati chala. Tinkafuna tizilima kachewere m'chilimwe kuti iwo asadzapitenso kunja. Ine ndinali nditatopa nako kulera ana ndekha.

Koma thankiyo inali ndi khalidwe loipa. Ikadzaza lero, mkuja madzi ali m'mawondo, chonsecho mpopi sitinatsegule. Kunja kwake kouma gwa! Abambowa anapaka pulasitala makoma onse, anamatanso pozungulira paipi, koma ayi ndithu. Alongo anga, amene sasunga mawu m'kamwa, akamadutsa ankafunsa kuti, "Alamu, sefa yanu ija ikuyenda bwanji?" Abambowa ankaseka nawo, koma kunyumba ankadandaula chamumtima. Kachewere anali atamera ndipo masamba anayamba kufota.

Tsiku lina ananena, osandiyang'ana n'komwe: "Mayi, mbewuyi ikafa ine ndibwerera ku Joni. Mkamwini sangamangokhala pamudzi n'kumasekedwa."

Zinandiwawa kwambiri, kenako ndinapsa mtima. Thanki indilande mwamuna ine, ndili maso?

M'mawa mwake ndikutsuka mphale m'beseni lathu lobooka, ndinaona timadeya tonse tikuthamangira pabowo. Ndinasiya mphaleyo, kutapa madeya lichero lonse, ulendo kumunda. Madzi m'thanki anali atatsala a m'kakolo. Ndinatseka paipi, kunyika madeyawo, kuwamwaza paliponse, n'kukhala pakhoma.

"Mukuwononga chakudya cha nkhumba," anatero amuna anga.

"Khalani pansi, bambo. Musagwedeze madziwo."

Tinadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Madzi atadikha, madeya anali atakhazikika pansi mwa apo ndi apo, koma pakati penipeni anaunjikana mzere umodzi, kuchoka khoma ili kukafika linalo. Apo ndi pamene madzi ankathawira.

"Mng'alu suwongoka chonchi," anatero iwo, akukanda mutu.

Pomwepo ndinakumbukira. Tsiku limene ankathira simenti yapansi, atafika pakati, kumudzi kunamveka kulira: azakhali anga anali atatisiya. Kwathu pakagwa zovuta palibe amene amagwira ntchito, kaya simenti ndi yosakaniza kale. Abambowa anaponya fosholo pansi n'kuthamangira kusiwa. Anadzamaliza maliro atatha, yakale ija itauma kale, ndipo yatsopanoyo sinagwirane nayo. Pulasitala wapamwamba anangobisa msokowo. Mwezi wonse tinkalimbana ndi makoma osalakwa.

Madzi otsalawo tinathirira mbewu ndi zidebe. Kenako abambowa anatenga tchizulo ndi hamala n'kusema ngalande yaing'ono motsata mzerewo, ine ndikusesa zinyenyeswa. Tinanyowetsa, tinathira simenti yambiri mchenga pang'ono, n'kutsendera bwinobwino. Pamwamba tinafunditsa ziguduli zonyowa. Masiku odikira kuti iume anali owawa. Ndinkasenza madzi kuchokera kukasupe mpaka khosi kuuma, kuti kachewere angokhala ndi moyo.

Titadzazanso thanki, ndinalemba ndi khala pamene madzi analekeza. Tsiku lotsatira ndinaopa kusuzumira, ndinatuma iwo. Anakwera, anayang'ana, n'kundikodola. Nanenso ndinakwera. Madzi anali pa khala pomwepo! Mkuja wake, pomwepo. Ndinaimba nthungululu m'munda ngati pali ukwati.

Sabata imeneyo tikuthirira, foni yawo inalira. Anali mnzawo wa ku Joni, akuti pafamu papezeka malo, abwere msanga. Ndinaima chilili, khasu m'manja. Iwo anayang'ana madzi akutsetsereka m'mizere, matope mpaka m'maondo.

"Malowo mupatseni wina, achimwene," anatero. "Ine kuno ndatanganidwa."