Mahediseti Pansi pa Duku

Foni ija inali yabwino, ndipo mpaka lero sindinaipezere chifukwa. Mng'ono wanga, amene ndimathyola naye tiyi kuesiteti, adakaigula ku Luchenza. Inali yatachi, yaikulu ngati chikhatho cha mwamuna, ndipo batire lake linkafika madzulo osapempha moto. Chovuta chinali chimodzi: zala zathu zonyowa ndi mame, zokakala ndi tiyi, sinkazimva. Unkachita kupukuta chala pachitenje n'kuinyengerera, ndiye n'kutseguka.

Sipika yake sinandigometse. Kwaya yonse inkamveka ngati aitsekera m'chitini, ndipo ndidamuseka. "Iwe, ulendo wonse wa ku Luchenza wakagula chimenechi?"

"Dikirani kaye, achemwali," adatero, n'kundilowetsa mahediseti m'makutu, timphira tofewa totseka khutu lonse.

Mayo ine! Ndidamva woimba akukoka mpweya asanayambe vesi. Amayi ankaimbira kukhutu lamanzere, abambo kumanja, besi ikugunda m'chifuwa mwangamu. Ndidacheuka kufuna kuona woimba ng'oma. Kenako ndidaona pakamwa pa mng'ono wanga pakuyenda, akuseka, koma mawu ake osandifika. Kumbuyo kwake mphepo idagwetsa beseni, nkhuku n'kubalalika, zonsezo popanda phokoso ngakhale pang'ono. Ndidawazula msangamsanga.

M'munda wa tiyi makutu nawo amagwira ntchito. Nyengo yotentha njuchi zimasamuka m'mitengo ya bulugamu ya m'mphepete, ndipo zikaputidwa zimabwera zolusa. Woyamba kumva mkokomo wake amakuwa kuti "Njuchi!" Pomwepo aliyense amadzigwetsa pakati pa mizere, kuphimba nkhope ndi chitenje, n'kukhala zii mpaka zitadutsa. Suthawa, sukupiza manja. Kuofesi saphunzitsa zimenezi, umaphunzira kwa anzako sabata yoyamba.

"Usadzalowe nawo m'munda," ndidamuuza.

"Ndizivala khutu limodzi, achemwali."

Bodza. Posakhalitsa adati nyimbo ya khutu limodzi ili ngati ndiwo zopanda mchere. Akapitawo ankaletsa, choncho iye ankabisa mahediseti pansi pa duku, chingwe n'kuchidutsitsa m'bulauzi. Kunena zoona manja ake adayamba kuthamanga, dengu lake linkadzaza lathu lisanafike pakati. Ndikamukalipira kuti adzamva nkhwangwa ili m'mutu, ankanditcha agogo. Ndinkapsa mtima, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha.

Tsiku lina kunatentha kuyambira m'mawa, kopanda ndi kamphepo komwe. Amuna ena ankagwetsa bulugamu kumtunda kwa munda. Mtengo utagwa ndidamva kulira kwapansipansi, kofanana ndithu ndi besi ija. Mayi wina adakuwa, tonse n'kudzigwetsa.

Ndili chigonere ndidasuzumira m'mphepete mwa chitenje. Munda wonse unali mbee, ngati simunalowe munthu. Adatsala chiimire ndi iye yekha, atafulatira mitengo, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono, manja akuthyola tiyi. Ndidaitana dzina lake mpaka kukhosi kudawawa. Sadacheuke.

Ndidakwawa m'mizere, njuchi zikundiluma m'mikono ndi kumsana. Pomwe ndinkamugwira mwendo kuti ndimugwetse, duku lake linali litada bii ndi njuchi, ndipo iye ankadzimenya kumaso akulira. Ndidamugonera pamwamba n'kufunda naye chitenje changa.

Adamunyamula pathirakitala kupita naye kuchipatala cha esiteti. Nkhope idatupa mpaka maso adatsekeka, mpweya ukutuluka ngati mluzu. Anamwino pomuvula duku adazula mahediseti aja. M'makutu mokha ndi mmene njuchi sizidafike. Timphira tija tili pabedi, kwaya inkaimbabe motsitsa, bwinobwino, osadukiza.

Adachira. Koma adokotala adatiitana tonse awiri n'kunena mosapsatira kuti thupi lake silidzapiriranso mbola, ndipo ngakhale njuchi imodzi ikhoza kumubanikitsa asanafike pachipatala. Ntchito ina kuno kulibe, ndipo ali ndi ana oti adye. Choncho adabwerera kumunda. Madzulo a tsiku loyamba ndidatenga mpeni n'kuduladula chingwe cha mahediseti iye akuona. Ndidapempha akapitawo kuti mzere wanga uzikhala woyandikana ndi wake, ndipo adavomera.

Kwa miyezi ingapo tinkacheza pothyola, ngati kale. Ankadandaula kuti tsiku likutalika, kuti popanda nyimbo msana umapweteka msanga. Ine ndinkangoti upweteke, bola uli moyo.

Mwezi wathawu adapitanso ku Luchenza, akuti kukagula nsapato za ana. Ndidamuyang'ana m'khosi pobwera, chingwe panalibe, mtima wanga n'kukhala pansi.

Dzana kunatenthanso, ndipo bulugamu wachita maluwa. Tili m'munda ndidamulankhula chapansipansi, ndili pafupi moti ndikadatha kumukhudza. "Iwe, dzuwa lake lero."

Sadayankhe. Ndidabwereza mokweza. Manja ake ankathamanga, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono. Pansi pa duku, pakhutu penipeni, panali katotupa kakang'ono koyera. Mahediseti amakono alibe chingwe choti munthu n'kudula.