Sabata Yomwe Mfuti Inagona Kwathu

Linali Loweruka, ku Joni. Amayi ankandiluka tsitsi pakhonde. Anali atangomaliza mbali imodzi pamene tinamva malikhweru kumsewu wakumunsi. Pa shopu ya pakona pankafuka utsi.

Ndinali mu giredi 3.

Mumsewu wathu munali mabanja angapo ochokera ku Malawi. Azibambo anasonkherana n'kugula mfuti imodzi. Inkayenda ngati chipeleganyu, sabata ino kwa awa, yamawa kwa awo. Ankanyadira nayo pa bawo, mpaka dera lonse linkadziwa kuti ilipo. Sabata imeneyo inali kwathu.

A malume a Yohane, alongo awo a amayi, analowa akuthamanga, nsapato ili imodzi. Anati kukubwera gulu la anthu lomwe likuthamangitsa alendo onse, koma likuyamba lafunsa nyumba yomwe muli mfuti.

Adadi anaitulutsa kunsi kwa matiresi. Kanali koyamba kuiona. Inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ndinalakalaka kuigwira.

“Alamu, tikathawa atitengera zonse,” anatero a malume. “Tinaigulira chiyani? Tiyeni tikaime pageti.”

Amayi anali atabereka kale mng'ono wanga kumsana. Anati, “Bambo a Tadala, sankhani. Chimenecho kapena ife.”

Adadi anaiika patebulo, pafupi ndi botolo la mafuta a tsitsi. A malume anaitenga.

Tinatulukira kuseri. Mpanda wa malata unali wotentha ndi dzuwa. Adadi anandiponya kutsidya ngati thumba, chipeso chikadali m'mutu.

Dalaivala wina wa lole ya kabichi anatiimira. Ndinali ndisanakwerepo kumbuyo kwa lole. Mphepo inkandiwomba kumaso ndipo ndinkaseka. Adadi anagwira diresi langa kumsana njira yonse.

Titafika pamlatho tinamva mfuti ikulira kumbuyo. Amayi anatsamiritsa mutu wanga pamiyendo pawo. Makabichi ankanunkha dothi lonyowa.

Loleyo inatisiya pa tchalitchi china chomwe chinatsegula zitseko. Tinagona pamabenchi. Mayi wina amene sitinkamudziwa anamaliza kundiluka. Kenako inabwera basi ya ku Blantyre. Patapita zaka, amayi anapeza ntchito yosamalira okalamba kuno ku Glasgow.

Tsopano tili ku Govanhill, dera la mumzinda womwewu, ndipo ndili ku sekondale. Aphunzitsi andisankha mu timu ya dibeti ya Lachisanu! Funso lake ndi lakuti kodi munthu wamba aziloledwa kusunga mfuti yodzitetezera. Anzanga onse akukamba za ku America, zomwe amaona pa foni. Ine ndili kumbali yokana, ndipo ndikhala woyamba kuyankhula. Ndayeserera pagalasi, m'basi, ngakhale pamasitepe a fulati yathu. Mng'ono wanga, yemwe anali kumsana kuja, amandiyankha m'Chingerezi chake cha kuno kuti ndachulutsa phokoso. Sakumbukira chilichonse. Ndalemba izi kuti adzawerenge.

Adadi apempha ofu kuntchito. Akuti adzakhala mpando wakutsogolo, ndipo malaya asita kale.

A malume sanafike pa tchalitchi paja. Amayi akuti akanakhalapo akanaima kumbali inayo, ndipo akanafuula kuposa aliyense m'holomo.