Chiganizo Chachisanu M'kope Langa la Chingerezi

Ndikakumbukira chisanu cha ku Mzuzu, chimene chimabwera m'maso ndi kope langa lonyowa m'makona ndi zala zouma zokanika kugwira cholembera. Unali mwezi wa Juni, ndili Sitandade 7 ku Mchengautuwa, mvula yamawawa ikugwa tsiku lonse, m'kalasi mukununkha majuzi onyowa ndi utsi wa makala. Aphunzitsi athu a Chingerezi anali mayi wamtali amene kumbali tinkawatcha a Rula, poti rula sinkachoka m'manja mwawo. Ndinkawaopa moti akangoyang'ana kumene ndakhala, ndinkaweramitsa mutu.

Sabata imeneyo tinkaphunzira direct ndi reported speech: kulemba mawu a munthu ndendende mmene wawayankhulira, kenako kuwafotokozanso ngati ukuuza wina. Lachisanu anatipatsa ntchito yokachitira kunyumba, yoti tikamvetsere zonena za akuluakulu n'kulemba ziganizo zisanu m'njira ziwiri zonsezo. Anzanga ochenjera anangopeka zawo. Ine ndi mantha angawo sindinaganizeko zopeka, ndinkaona ngati a Rula adziwa.

Kwathu lamulo lalikulu linali lakuti mwana satola nkhani za akulu, ndipo zam'nyumba sizituluka pakhomo. Bambo, amene anali ndi kagolosale pafupi ndi msika, sankakalipa, koma akanena anena. Loweruka masana ndikutsuka makapu kuseri, ndinawamva atachokera ku mzikiti akuuza amalume kuti sukulu ikatsekera ndipita ku Mangochi kukalera ana a azakhali, za sukulu zakwana. Ndinalira chamumtima, manja ali m'madzi ozizira. Kenako ndinachita chopusa. Ndinali ndi ziganizo zinayi za mayi, za mchere ndi makala, chikusowa chimodzi. Ndinalemba mawu a bambo aja.

Lolemba a Rula akuchonga makope anaima nthawi yaitali pa langa, n'kundiuza kuti tikaweruka ndiwadikire. Za tsiku limenelo sindinamvepo kanthu. Titaweruka tinauyamba m'matope wa ku golosale ya bambo, iwo patsogolo ndi ambulera, ine pambuyo, ndikupempha Mulungu kuti golosale tikaipeze yotseka. Tinaipeza yotsegula, ikununkha sopo ndi usipa, bambo akuyeza shuga.

Atapatsana moni, aphunzitsi anayala kope pakauntala n'kuloza chiganizo chachisanu. Bambo Chingerezi sankawerenga, ndiye anatembenukira kwa ine kuti ndiwamasulire. Kunama sikukanatheka, a Rula ali pomwepo. Ndinayang'ana matumba a mpunga n'kunena motsitsa kuti, "Bambo anati ndipita ku Mangochi, za sukulu zakwana."

Ndinkadikira khofi, kapena kuuzidwa kuti ndikalongedze tsiku lomwelo.

"Adada, ndachonga makope onse," anatero aphunzitsi. "Wakhoza zonse ndi uyu yekha. Mwana uyu ngwanzeru chomene. Mukamutaya, mudzalira ndinu."

Bambo anawathokoza, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Atabwerera analiyang'ana kope lija nthawi yaitali, chala chili pa zochonga zofiira zisanu. Nthawi yonseyo ine ndinali chiimire pakona, madzi akudontha m'siketi.

Lero ndakula, ndipo lamulo la kwathu lija ndimaliona kuti linali ndi nzeru zake, koma linkabisanso zambiri. Atsikana angapo amene ndinakula nawo anangosowa m'kalasi, zawo zinathera m'nyumba popanda wakunja wozimva. Ndikuganiza kuti bambo anali asanamvepo mawu awo akutuluka pakamwa pa mwana amene ankamuweruzayo, ndipo atawamva anawawawa. Sanandipepese, sichinali chikhalidwe chawo. Anangotseka kope n'kundipatsa, maso ali pasikelo.

"Wanditulutsira zam'nyumba, iwe," anatero. "Chabwino. Tenga cholembera, ulembe chachisanu ndi chimodzi, mawa ukawaonetse madamu akowo. Ulembe kuti bambo anati mwanayu sapita ku Mangochi."