Mafuta a Abusa pa Mapepala a mu Labu

Ntchito ya mu labu ndinaipeza kudzera kwa azakhali anga, amene ankaimba kwaya ku tchalitchi china ku Area 25. Tchalitchicho chinali ndi sekondale yakeyake, ndipo mwini zonse anali Abusa Kachingwe. Pondilemba, satifiketi yanga sanaifunse n'komwe. Anangoyang'ana thalauzi langa n'kunena kuti, "Mwana wanga, pano ndi pamalo oyera. Mawa ubwere ndi siketi." Ndinakagula ya kaunjika tsiku lomwelo.

Ntchito yanga inali kukonzera ana a Fomu 4 zipangizo. Timachubu tagalasi ndinkatitsuka ndi sopo, kutsukuluza katatu, n'kutiyanika chozondotsa. Ayodini ndinkamuthira m'timabotolo todontheza, kenako n'kudula mapepala osefera. Mapepala amenewa ndi oyezera mafuta: umapakapo chakudya n'kukweza pepalalo ku dzuwa, ndipo ngati muli mafuta, kuwala kumadutsa pamalopo. Ine sindinkawagwira ndikadzola ngakhale vaselini.

Tsiku la mayeso okonzekera a boma ndinalawirira kuchoka kwathu ku Kawale, n'kuyala pa benchi iliyonse mapepala osefera, ufa wa chinangwa, gulukosi ndi nsinjiro. Nsinjiro zokha ndizo zinayenera kuonetsa mafuta. Pobwera kotenga sipiriti wa nyali, ndinakumana ndi Abusa akutuluka mu labu, kabotolo ka mafuta odzozera kali m'manja. "Ndayeretsa malo," anatero. Ndinkayesa adzoza chitseko chokha monga ankachitira, ndipo ana anali akulowa kale.

Ana onse anapeza mafuta paliponse, ndi mu gulukosi momwe. Onse analakwa funsolo, ena mpaka kulira.

Lolemba pa asembule Abusa anandiimika kutsogolo. "Wodetsedwa amadetsa chilichonse chimene wagwira. Mtsikana uyu satsuka zida, ndipo mtima wake sitikuudziwa." Ntchito inathera pomwepo. Pofika madzulo nkhani inali itafika kale ku Kawale, itakula, akuti ndili ndi chiwanda. Azakhali anasiya kuyankha moni wanga. Za ntchito sindinadandaule kwambiri. Chinandiwawa ndi dzina langa, ndipo ndinalumbira kuti bambo amenewa adzalawa manyazi omwe anandidyetsa.

Loweruka kunali msonkhano wa makolo, ndipo ndinapita osaitanidwa, mapepala awiri atsopano ali m'chikwama. Ndinagwada bwinobwino n'kupempha kulankhula. Pepala loyamba ndinapatsa bambo wina wa ku Mgona kuti apakepo gulukosi. Analikweza pa zenera, silinaonetse kanthu. Kenako ndinatembenukira kwa Abusa. "Abusa, tsiku lija munadzozanso mapepala?"

Anayankha monyadira, "Lililonse, ndi dzanja langali."

"Tidzozereni ili, makolo aone dalitso."

Pamaso pa anthu sakanakana. Anadontheza mafuta, n'kupaka ndi chala, n'kulikweza okha pa zenera. Kuwala kunadutsa. Mayi wina kumbuyo kwa holo anafunsa kuti, "Ndiye ana athu analakwa ndi dzanja lanu, Abusa, inu n'kunamizira mwana wa eni?"

Ntchito sanandibwezere, kupepesa sanapepese, koma Lamlungu azakhali anabwera kunyumba atanyamula nthochi. Pano ndili mu labu ya kachipatala kena ku Biwi. Ndimapemphera ndisanayambe ntchito, kenako ndimatsuka zida, chifukwa ndinaphunzira kuti pemphero silichotsa ntchito ya sopo. Nzeru zoyezera zinthu anatipatsa ndi Mulungu yemweyo, ndipo munthu amene amadzitcha woyera koma osavomera kulakwa ndimamuopa. Ndikayala zida, labu ndimakhoma, kaya wabwera ndani.

Amati ndikhululuke, ndipo ndimayesa. Koma ndikakumbukira Abusa ali chiimire, dzanja lili m'mwamba ndi pepala lija, mtima wanga umangoti myaa. Tchimo limenelo sindinalapebe.